Nkhondo Inatipeza Katatu ku Luangwa, Nanga Cholembera Chinali ndi Ndani?

Ambuya anga, amene anabala amayi, sanapite kusukulu. Akafuna kusaina pepala amadinda chala. Koma muwafunse za Lolemba la pa 6 March 1978, tsiku limene asilikali a Ian Smith anaukira msasa wa ZIPRA ku Kavalamanja, adzakuuzani zonse mwandondomeko ngati munthu amene akuwerenga m'buku. Nthawi imeneyo anali kukhala m'mudzi wa m'mbali mwa Zambezi, ku Katondwe anasamukirako pambuyo pake. Amakumbukira kuti ndeke zinamveka iwo ali ndi mphika pamoto. Amakumbukira amene anabereka mwana wa yani pothawa, masiku amene anagona m'thengo osakoleza moto kuopa utsi, ndi mbuzi zimene sanazipezenso.

Ine ndinakulira kuno ku Lusaka, ndipo nkhani zimenezi ndinali kuzimva pa holide, theka la mtima lili pa foni. Chaka chatha ndinayamba kuwerenga mbiri ya akazi oyamba kugwira ntchito ya utolankhani wa nkhondo, amene anatchuka pakati pa 1918 ndi 1939. Ndinadabwa kuona kuti zimene zinawapatsa dzina akazi amenewo ndi zomwezo zimene ambuya amachita akamafotokoza: kuyang'ana mphika, mwana ndi mbuzi pamene ena onse akuwerenga mfuti. Kusiyana kwake n'kumodzi. Iwo anali ndi cholembera ndi nyuzipepa, ambuya anali ndi ife adzukulu osamvetsera.

M'zaka 61 nkhondo inakhudza chigwa chathu katatu: mu 1917, mu 1939 ndi mu 1978. Tiyeni tizitsate chimodzichimodzi, tione kuti nthawi iliyonse cholembera chinali m'manja mwa ndani.

1917: uthenga woyenda pakamwa

Katondwe weniweniyo anabadwa chifukwa cha chipwirikiti cha ku Ulaya. Mu 1910 ufumu unagwa ku Portugal, ndipo boma latsopano linathamangitsa ansembe a chipani cha Jesuit m'maiko onse amene linali kulamulira. Amene anali pa mishoni ya Miruru, tsidya la Mozambique, anaoloka Luangwa n'kukhazikika ku Kapoche ndi ku Katondwe. Kuyambira 1912 ntchitoyo inayamba kulowa m'manja mwa ansembe ochokera ku Poland. Dzikoli mulisunge m'mutu, tidzabwererako.

Patangopita zaka zochepa, nkhondo yoyamba ya dziko lonse inafika m'chigwa cha Zambezi. Apwitikizi anali kugwira amuna kuti akhale amtengatenga a asilikali awo, ena kuwatumiza ku chibalo chokonza msewu. Apolisi awo otchedwa asipai anali kuchitira nkhanza akazi otsala m'midzi. Mu March 1917 anthu a ku Barue anaukira, motsogozedwa ndi mafumu a udindo wa Makombe, ndipo moto unafalikira kukwera ndi mtsinje. Zumbo, tawuni imene timaiona tikaima pa doko la Feira, inagwa m'manja mwa oukirawo, Apwitikizi amene anali kumeneko n'kuthawira tsidya lino.

Mmodzi mwa amene anakoleza motowo anali mtsikana wolankhula mawu a mizimu, amene mabuku amamutchula kuti Mbuya. Uthenga wake unayenda mudzi ndi mudzi popanda pepala. Apwitikizi anagonjetsa oukirawo mothandizidwa ndi ankhondo achingoni amene anawalemba ganyu, ndipo mbali ina ya malipiro awo inali katundu wolanda, kuphatikizapo akazi ndi ana ogwidwa. Taganizani zimenezo: akazi anali chifukwa china cha nkhondoyo, mkazi anathandiza kuiyambitsa, akazi anakhala malipiro ake. Koma zimene timawerenga za 1917 zinachokera m'malipoti a abwanamkubwa achizungu ndi m'mabuku a akatswiri a mbiri amene anabwera pambuyo, monga Terence Ranger ndi Allen Isaacman. Mbuya timamudziwa kudzera m'zolemba za ena.

Chitseko chimene chinatseguka ku Ulaya

Nkhondo yomweyo imene inatenga amuna athu kukhala amtengatenga inasintha moyo wa akazi a ku Ulaya ndi ku America. Amuna atapita kukamenya, akazi analowa m'mafakitale, m'maofesi ndi m'zipinda zolembera nkhani. Nkhondo itatha, sikunatheke kuwabweza onse kukhitchini. Ku Poland akazi analandira ufulu wovota mu 1918. Ku Britain a zaka 30 kupita m'mwamba anaulandira chaka chomwecho, ndipo mu 1928 anafanana ndi amuna. Ku America zinachitika mu 1920.

Eni manyuzipepa nawo anazindikira kuti akazi ndi makasitomala. Otsatsa sopo, nsalu ndi mankhwala anali kufuna owerenga achikazi, choncho pafupifupi nyuzipepa iliyonse inatsegula tsamba la amayi. Mkazi wofuna utolankhani anali kuyambira pamenepo: maphikidwe, mafashoni, maukwati a anthu olemera. Ndale ndi nkhondo zinali za amuna. Akazi amene tikuwakumbukira lero ndi amene analowera pa khomo laling'onolo n'kukana kukhala pamene anawaika.

Wa ku France, Andrée Viollis, anali kulembera nyuzipepa ya Le Petit Parisien. Mu 1929 anafika ku Kabul, Afghanistan ili pa nkhondo yapachiweniweni. Mu 1932 anali ku Shanghai pamene asilikali a Japan anali kuphulitsa mzindawo. Mu 1935 anatulutsa buku lotchedwa Indochine S.O.S., loulula njala ndi kuzunza akaidi m'dziko limene France inali kulamulira ku Asia. Mayi ameneyu anali kuuza dziko lake zimene boma lake likuchita kunja, koma iye mwini analibe voti, chifukwa akazi a ku France anadikira mpaka 1944.

Wa ku America, Dorothy Thompson, anacheza ndi Adolf Hitler mu 1931, asanatenge boma. Apa analakwitsa: anamuona ngati munthu wamba wopanda mphamvu, amene sangathe kulamulira Germany. Hitler atalowa m'boma mu 1933, Thompson sanabise kulakwa kwake, anapitiriza kulemba za nkhanza za chipani cha Nazi mpaka mu 1934 anamuthamangitsa m'dzikomo. Pofika 1939 anali mmodzi mwa anthu omvedwa kwambiri ku America, m'nyuzipepa ndi pa wailesi pomwe. Ndatchula kulakwa kwakeko dala. Ufulu weniweni pa ntchito ndi wakuti mkazi athe kulakwitsa poyera, monga amachitira amuna tsiku lililonse, popanda wina kunena kuti "mwaona, akazi sangathe".

Ethiopia ndi Spain

Pa 3 October 1935 asilikali a Mussolini analowa mu Ethiopia. Anagwiritsa ntchito ndeke ndi mpweya wapoizoni pa asilikali ndi anthu wamba, ndipo pa 5 May 1936 analanda Addis Ababa. Nkhondo imeneyi inapweteka mtima wa anthu akuda kulikonse, kuyambira ku Accra mpaka ku Harlem, chifukwa Ethiopia inali dziko limene silinagonjere atsamunda.

Akazi awiri anachita zazikulu pa nkhaniyi ngakhale sanaime pamalo omenyera. Sylvia Pankhurst, amene anamangidwapo kangapo pomenyera voti ya akazi ku Britain, anayambitsa nyuzipepa yake mu May 1936, New Times and Ethiopia News. Anali kuikonzera kunyumba kwake ku London, ndipo inatuluka kwa zaka 20. Pamene manyuzipepa aakulu anatopa nayo nkhani ya Ethiopia, iye anapitiriza kusindikiza malipoti a kuphedwa kwa anthu, kuphatikizapo chipolowe cha mu February 1937 pamene Ataliyana anapha anthu zikwizikwi mu Addis Ababa. Nyuzipepayo inali kuwerengedwa mpaka ku West Africa. Pankhurst anasamukira ku Ethiopia mu 1956, anamwalira mu 1960, ndipo anaikidwa mwaulemu wa boma mu Addis Ababa.

Wachiwiri ndi Una Marson wa ku Jamaica, mkazi wakuda amene anayambitsa magazini yake, The Cosmopolitan, mu 1928 ali ndi zaka za m'ma 20. Mfumu Haile Selassie atathawira ku Britain, Marson anagwira ntchito ya ulembi m'gulu lake, ndipo anapita nawo ku Geneva mu June 1936 pamene mfumuyo inakadandaula ku bungwe la League of Nations. Pambuyo pake anakhala mkazi wakuda woyamba kukonza mapulogalamu pa BBC.

Nkhondo ya Ethiopia isanazizire, ina inabuka ku Spain mu July 1936. Kumeneko akazi anafika pamoto penipeni. Gerda Taro, Myuda wothawa ku Germany, anali wojambula zithunzi. Iye ndi bwenzi lake, Endre Friedmann, anapeka dzina lakuti Robert Capa kuti zithunzi zawo zigulidwe pa mtengo wabwino. Dzinalo linatsalira mwamunayo, ndipo kwa zaka zambiri zithunzi zina za Taro zinali kuyesedwa za Capa. Taro anamwalira pa 26 July 1937 atagundidwa ndi kasinja pa nkhondo ya ku Brunete, ali ndi zaka 26. Maliro ake anachitikira ku Paris pa 1 August, tsiku limene akanakwanitsa zaka 27. Mafilimu ake ambiri anatulukira poyera mu 2007, m'mabokosi amene anasungidwa ku Mexico.

Martha Gellhorn anafika ku Madrid mu 1937 ndipo anayamba kulembera magazini ya Collier's. Za kayendetsedwe ka magulu ankhondo anazisiyira ena. Iye analemba za anthu okhala mumzinda umene ukuphulitsidwa tsiku ndi tsiku: amayi oima pa mzere wa chakudya, ana oseweretsa zidutswa za nyumba zogumuka, ovulala m'zipatala. Akonzi ena anali kuona zimenezi ngati nkhani zopepuka, zoyenera mkazi. Lero tsegulani TV pa nkhondo iliyonse, ya ku Sudan kaya ya kum'mawa kwa Congo, muona kuti mtolankhani aliyense, mwamuna kapena mkazi, amafunafuna mayi wothawa ndi mwana kumsana. Zimene zinali kutchedwa nkhani za akazi ndizo zinakhala nkhani za nkhondo.

Nanga kuno kwathu?

Pamene Taro anali kujambula ku Spain, mtsikana wa ku Katondwe anali kuti? Anali kumunda, kumtsinje, kapena akusinja. Sukulu zinali za mishoni, ndipo zochepa zimene zinasamala za atsikana, monga ya Mabel Shaw ku Mbereshi imene inayamba mu 1915, zinali kutali ndi chigwa chathu. Masisitere ochokera ku Poland, a chipani chimene lero chimayendetsa chipatala cha Katondwe, anafika m'dziko muno mu 1928. Sekondale ya anyamata achiafrika inayamba mu 1939 ku Munali, atsikana anadikira mpaka 1946 ku Chipembi. Pamene tinali kulandira ufulu mu 1964, dziko lonse linali ndi anthu pafupifupi 100 okha a digiri, ndipo akazi mwa iwo anali owerengeka pa zala. Munthu sangakhale mtolankhani asanaphunzire afabeti.

Ngakhale nyuzipepa yoti alembemo panalibe. Mu May 1935 anthu ogwira ntchito m'migodi ya ku Copperbelt anachita sitalaka chifukwa cha msonkho, ndipo ku Luanshya apolisi anawombera n'kupha anthu 6. Boma la atsamunda linaona kuti silidziwa zimene Aafrika akuganiza, ndiponso kuti iwo akuwerenga mabuku a Watch Tower amene boma silinawakonde. Choncho mu 1936 linayambitsa nyuzipepa yakeyake, Mutende, m'Chingelezi, Chibemba, Chinyanja, Chitonga ndi Chilozi. Kwa ambiri, imeneyi ndiyo inali nyuzipepa yoyamba kuiona m'chinenero chawo. Koma mwini wake anali boma, akonzi ake azungu, ndipo olemba makalata ambiri anali amuna ophunzira: aphunzitsi, akalaliki, alaliki. Za akazi zinali kukambidwa ndithu, makamaka za akazi opita m'tauni ndi za maukwati, koma okamba ambiri anali amuna.

Kumwera zinthu zinali patsogolo pang'ono. Ku Johannesburg, kumene amuna athu ambiri anali kupita kukagwira ntchito, nyuzipepa ya Bantu World inayamba mu 1932 ndipo inali ndi masamba a amayi. Choseketsa n'chakuti amene anali kusaina ngati mkonzi wachikazi wa masambawo anali mwamuna, wolemba wotchuka R. R. R. Dhlomo. Komabe akazi enieni anagwiritsa ntchito mpatawo, analemba makalata otsutsana ndi amuna pa za malobolo, maphunziro ndi ntchito.

Chitsanzo chomveka bwino cha mkazi wa mu Africa amene utolankhani unamutsegulira njira ndi Mabel Dove wa ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana. Kuyambira 1931 analemba pa tsamba la amayi la nyuzipepa ya Times of West Africa, pogwiritsa ntchito dzina lobisalira lakuti Marjorie Mensah. Pakati pa nkhani za madiresi anali kulowetsamo mafunso olasa: chifukwa chiyani mwamuna wachiwerewere amakhululukidwa pamene mkazi amanyozedwa, chifukwa chiyani mtsikana asaphunzire ngati mlongo wake. Pambuyo pake analowa m'gulu la Kwame Nkrumah, anakhala mkonzi wa Accra Evening News mu 1951, ndipo mu 1954 anasankhidwa kulowa m'nyumba ya malamulo, mkazi woyamba m'dzikomo.

Apa tisanamizane. Ufulu umene utolankhani unapereka m'zaka zimenezo sunagawidwe mofanana. Gellhorn ndi Thompson anali ndi pasipoti ya America, maphunziro apamwamba ndi anzawo a maudindo. Mabel Dove anali mwana wa loya wolemera, anaphunzira ku Freetown ndi ku England. Chitseko chinatsegukira amene anali kale pafupi nacho. Mtsikana wa m'chigwa cha Luangwa sanadziwe n'komwe kuti kuli chitseko.

Kuchokera ku Katowice kufika ku Katondwe

Tsopano tibwerere ku Poland. Mu August 1939 nyuzipepa ya Daily Telegraph ya ku London inalemba ntchito mkazi wa zaka 27, Clare Hollingworth, n'kumutumiza ku Katowice, mzinda wa kufupi ndi malire a Germany. Anali kuudziwa mzindawo chifukwa miyezi ya m'mbuyomo anathandizirako anthu zikwi othawa Hitler kupeza mapepala olowera ku Britain. Asanathe ndi sabata pa ntchito, anabwereka motoka ya woimira boma la Britain n'kuoloka malire. Pobwerera, mphepo inakweza masaka amene anatchinga m'mbali mwa msewu, ndipo m'chigwa anaona akasinja ndi magalimoto ankhondo osawerengeka, atayang'ana ku Poland. Nkhaniyo inatuluka pa tsamba loyamba pa 29 August. Dzina lake silinalembedwepo.

M'mamawa pa 1 September anadzutsidwa ndi mabomba. Anaimba lamya ku ofesi ya kazembe wa Britain ku Warsaw kuwauza kuti nkhondo yayamba. Atakana kukhulupirira, anatulutsa lamyayo pa windo kuti adzimvere okha. Hollingworth anapitiriza ntchitoyi ku Algeria, ku Vietnam ndi ku China, ndipo anamwalira ku Hong Kong mu 2017 ali ndi zaka 105.

Nkhondo imene anailengezayo inafika mpaka kwathu. Ansembe ndi masisitere a ku Poland amene anali m'mamishoni a kuno anatsala opanda njira yomvera za abale awo. Anyamata a dziko lino analowa mu Northern Rhodesia Regiment, anamenya nkhondo ku Tug Argan ku Somaliland mu August 1940, kenako ena anafika ku Madagascar ndi ku Burma. Akazi awo anatsala akulima okha, akudikira kalata imene wina adzawawerengere. Boma linagwiritsa ntchito Mutende kufalitsa nkhani za nkhondo monga linafunira kuti zimveke, ndipo mu 1941 linatsegula wailesi ku Lusaka pa chifukwa chomwecho. Othawa nkhondo a ku Poland, ambiri akazi ndi ana, anasungidwa m'misasa ku Lusaka, ku Bwana Mkubwa, ku Abercorn ndi ku Fort Jameson, kumene lero timati Mbala ndi Chipata.

Mu November 1939 a Nazi anagwira wansembe wachinyamata wa Jesuit ku Kraków, Adam Kozłowiecki. Anamutsekera ku Auschwitz, kenako ku Dachau, mpaka asilikali a America anamasula msasawo pa 29 April 1945. Patapita masiku ochepa, mmodzi mwa atolankhani amene analowa mu Dachau ndi kuuza dziko zimene anaona anali Martha Gellhorn uja. Chaka cha m'mbuyo mwake, akuluakulu ankhondo atakana kuti akazi apite ndi asilikali okaukira ku Normandy, iye anabisala m'chimbudzi cha sitima ya odwala, n'kutsikira kumtunda pamodzi ndi onyamula ovulala. Kozłowiecki anabwera ku Northern Rhodesia mu 1946, anagwira ntchito ku Kasisi, ndipo mu 1959 anakhala arkibishopu woyamba wa Lusaka, dera limene Katondwe alimo. Mkazi mmodzi anaulula chiyambi cha nkhondo imene inamutsekera, mkazi wina analemba za ndende imene anatulukamo. Mbiri ya akazi amenewa si ya kutali monga timaganizira.

1978 ndi ife

Pofika tsiku la Kavalamanja, Zambia inali ndi zaka 13 za ufulu, manyuzipepa ake, wailesi yake ndi TV yake. Atsikana anali m'masukulu, ndipo ena anali atayamba kulowa m'zipinda zolembera nkhani. Koma chigwa chathu chinali kutali ndi Lusaka, msewu woipa, dera la asilikali. Nkhani inatuluka monga zimatulukira nkhani za nkhondo: boma la Smith linanena zake, boma lathu linanena zake, kuwerengana akufa. Asilikali athu amene anafera kumeneko amakumbukiridwa chaka ndi chaka, ndipo n'koyenera. Koma za amayi amene anagona m'thengo, amene anasiya minda chifukwa choopa mabomba okwirira, zambiri zikali m'mitu mwawo.

Mibadwo yotsatira inatulutsa akazi olimba. Lucy Sichone, mkazi woyamba wa ku Zambia kupita ku Oxford pa thandizo la Rhodes, anali kulemba m'nyuzipepa ya The Post Lolemba lililonse. Mu 1996 Nyumba ya Malamulo inalamula kuti amangidwe pamodzi ndi Fred M'membe ndi Bright Mwape chifukwa cha zimene analemba, ndipo iye anabisala osapepesa. Anamwalira mu 1998, chaka chimene Gellhorn nayenso anamwalira. Chaka chomwecho Maureen Nkandu, amene anayambira pa ZNBC ali mtsikana, anatsekeredwa ku Kinshasa akutola nkhani za nkhondo ya ku Congo m'malo mwa SABC, ndipo pambuyo pake mawu ake anamveka pa BBC mu Africa yense. Kuchokera pa tsamba la maphikidwe kufika pamenepo panatenga zaka zoposa 60.

Lero ku Katondwe kuli sekondale ya atsikana. Mwana wa giredi 10 kumeneko amadziwa kulemba bwino kuposa kalaliki wa mu 1936, ndipo foni imene ili m'thumba mwanu ili ndi kamera yoposa ya Gerda Taro. Zimene zinasowa mu 1917, mu 1939 ndi mu 1978 tili nazo. Chimene chikutha ndi nthawi. Amene anaona nkhondo ya Makombe anapita onse. Akazi a asilikali a ku Burma atsala ochepa ngati alipo. Mayi amene anali ndi zaka 25 pa tsiku la Kavalamanja lero wapitirira 70.

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sitingadikire mtolankhani wa ku London kuti adzafunse ambuya athu, m'chinenero chimene sachimva, kudzera mwa womasulira wothamangira nthawi. Si nkhondo ya mfuti yokha imene ikufuna wolemba. M'chigwa chathu amayi amagona m'minda kulondera njovu, amatunga madzi pamene pali ng'ona, amaoloka kupita ku Zumbo kukagula nsomba zodzagulitsa pa Luangwa Bridge. Zimenezi zimafika m'nyuzipepa za ku Lusaka pokhapokha munthu atafa, ndipo zimatenga mizere isanu.

Pa Khrisimasi yapitayi ndinakhala ndi ambuya pansi pa mtengo wa masau, ndinaika foni pa mphasa n'kuwapempha kuti ayambire pachiyambi. Anayamba aseka, anati nkhani za anthu osaphunzira zipita kuti. Kenako analankhula kwa maola awiri osapuma, m'Chichikunda chosakaniza ndi Chinsenga, ndipo anatchula maina a anthu 11 amene ine sindinawamvepo. Ndikali kuzilemba pang'onopang'ono madzulo ndikaweruka. Nditawafunsa kuti pamwamba pa nkhaniyo ndilembe dzina la yani, anati ndilembe langa chifukwa ndine wa sukulu. Ndinakana. Ndidzalemba lawo, ndipo pansi pake adzadinda chala.